Kampani Imene Inkafunsa za Bondo la Bambo

1

Kwathu amanditchula Ziro. Dzinali silinachokere kwa anzanga akusukulu kapena kwa mdani wina ayi. Anandipatsa ndi bambo anga ondibereka, ndipo anali ndi masamu ake otsimikizira. Ndalemba nkhaniyi chifukwa anthu anena zambiri. Ena akuti ndinali ndi chibwenzi chamseri kwa zaka zisanu ndi zinayi, ena akuti ndinkapusitsa nkhalamba, ena akuti ndinatsala pang'ono kumenyetsa tcheyamani wa kampani pamaso pa anthu mazana atatu. Chachitatuchi sindikukana. Zinazo muweruze nokha mukamaliza kuwerenga.

Bambo anagwira ntchito yoyeza masikelo zaka makumi atatu. Ankayenda m'masitolo ndi kabokosi ka miyala yachitsulo kuona ngati ogulitsa sakubera anthu, mpaka aliyense anangowazolowera kuti a Sikelo. Atapuma pantchito kabokosi kaja anabweza, koma matenda oyeza anabwera nawo kunyumba. Ndalama zawo zonse zopumira anakagula masheya a kampani yopanga maambulera. Mayi, omwe nthawi imeneyo anali adakali moyo, analira tsiku lonse.

"Mukulira chiyani?" anafunsa Bambo. "Mvula idzaleka liti kugwa? Ikaleka, dzuwa lilipo. Ambulera imadya mbali zonse."

Ndipo inayambadi kudya. Kawiri pachaka, mu Juni ndi mu Disembala, kampani inkagawira eni masheya kachigawo ka phindu lake. Ndalama zimenezi amazitcha dividendi. Zinkalowa kubanki, ndipo kalata yodziwitsa inkabwera mu envelopu yabuluu yokhala ndi kachithunzi ka ambulera pakona. Bambo anagula buku lalikulu lachikuto chakuda n'kulemba pamwamba pake kuti MBIRI. Envelopu iliyonse inkapeza mzere wake m'menemo: tsiku, ndalama zimene sheya imodzi yabala, mtengo wa sheyayo pamsika, ndipo kumapeto, ndi cholembera chofiira, chimene iwo ankachitcha zokolola.

"Tamverani nonse," ankatero patebulo, chakudya chikuzizira. "Sheya imodzi mtengo wake ndi zana. Pachaka ikubala zisanu ndi zitatu. Zokolola zake ndi 8 peresenti. Chinthu chilichonse padziko pano chili ndi zokolola zake. Chimene chilibe n'chongodzaza malo."

Tsoka lathu linali lakuti bukulo linali ndi masamba akumbuyo. Kumeneko analembako ife ana awo awiri. Achimwene, omwe amakhala kutali ndipo amatumiza shati imodzi pachaka, anawawerengera fizi yonse ya sukulu n'kupeza kuti akubala 2 peresenti. Ine anandiwerengera sukulu yokonza tsitsi, chowumitsira tsitsi chimene anandigulira potsegula saluni, ngakhale dzino limene anandizulitsa ndili mwana. Pa zimene ndabweza analembapo kaziro kofiira, ndipo chaka ndi chaka ankawonjezera kena.

"Sindikukunyoza, mwana wanga," ankatero. "Ndi masamu chabe."

2

Mayi atamwalira, mtima wa Bambo unayamba kuvuta, bondo lakumanzere nalo linauma. Ine ndi amuna anga ndi ana athu amapasa tinasamukira m'zipinda zakumbuyo za nyumba yawo kuti tiziwayang'anira. Kiyi wa bokosi la ku positi anandipatsa ine. Kuyambira pamenepo wonyamula envelopu yabuluu ndinali ine, ndipo ndinene poyera kuti padziko lapansi panalibe chinthu chimene ndinkadana nacho ngati envelopu imeneyo. Chifukwa chake ndikuuzani ikakwana nthawi.

Tsiku la envelopu Bambo ankasamba m'mamawa, kuvala shati ya achimwene, kumanga tayi, n'kukhala pakhonde magalasi ali pamphuno. Envelopu sankaing'amba ndi chala ngati anthu wamba, ankaitsegula ndi mpeni wa buledi. Kenako ankawerenga mokweza kuti oyandikana nafe amve.

"'Okondedwa mwini masheya wathu wokhulupirika, ndife okondwa kukudziwitsani kuti chaka chino sheya iliyonse yabala khumi.' Mwamva? Khumi! Chaka chatha zinali zisanu ndi zinayi. Imeneyi ndiye kampani. Imakwera masitepe osatsetsereka."

Chaka china kalatayo inathera ndi mawu akuti, "Tikukhulupirira kuti bondo lanu likupezako bwino. Muzilithira madzi ofunda. Ine wanu, Tcheyamani." Bambo anavula magalasi, misozi ili lengelenge.

"Munthu wamkulu ngati ameneyu, wa mafakitale awiri, akudziwa za bondo langa. Mwana wanga weniweni waima apa, sanandifunse n'komwe."

"Ndinakufunsani m'mawa, Bambo."

"Unafunsa pakamwa. Uyu walemba."

Ndinalowa kukhitchini n'kuluma thaulo kuti ndisakuwe.

Chondidwalitsa kwambiri chinali chimene ankachita ndi ndalamazo. Nsapato sankagula. Denga linkadontha pamwamba penipeni pa bedi lawo, koma m'malo molikonzetsa, mvula ikagwa ankagona atatsegula ambulera kumutu, ati akuthandiza kampani. Dividendi yonse ankapita nayo kwa mkulu wogulitsa masheya n'kugula masheya ena a maambulera omwewo. Mkuluyo anayesa kangapo kuwaletsa, ati kampaniyo ikudwala, koma Bambo ankabwerako akuseka.

"Akufuna agule yekha ameneyo. Ndagwira ntchito ndi anthu akuba zaka makumi atatu, ndimawadziwa m'maso."

Madzulo ake ankalengeza kuti, "Ndawonjezera ena mazana awiri." Mapasa ankawomba m'manja, amuna anga n'kuimba likhweru. Ine ndinkangodzuka n'kuyamba kuchotsa mbale.

3

Amuna anga amayendetsa galimoto yoperekera buledi m'masitolo. Ndi munthu wofatsa, koma ntchito yawo imawadutsitsa mumsewu uliwonse wa m'tauni, ndipo munthu wotereyu simungamubisire kumene miyendo yanu imapita. Tsiku lina masana anatulukira ku saluni, ine ndili pakati poluka mutu wa kasitomala.

"Mayi a mapasa, kodi kuseri kwa sitolo ya matayala kuja kuli chiyani?"

Chipeso chinandipulumuka m'manja.

"Kuli matayala akutha."

"Kuli kashopu kosindikiza makhadi aukwati. Mwini wake ndi mkulu wina wa zala zakuda, amamutcha Inki. Lachiwiri ndinakuonani mukulowa m'menemo, chitseko n'kutsekedwa. Ndinaima panja mphindi makumi anayi, buledi akuuma m'galimoto. Ndafunsa wa matayala, akuti mumabwera kawiri pachaka, ndipo potuluka mumakhala mukupukuta misozi."

Kasitomala uja anaika foni yake pansi n'kutchera khutu.

"Chibwenzi chanji chokumana kawiri pachaka?" ndinayesa kuseka.

"Ndi zimene zikundiwawazo! Mpaka kukhala ndi ndandanda! Nanga ndalama za saluni ino zimapita kuti? Mumaluka mitu kuyambira m'mawa mpaka kude, miyendo kutupa ngati mitsamiro, koma zaka zisanu ndi zinayi simunaguleko ngakhale diresi. Mukumudyetsa ndinu mkulu ameneyu?"

Ndikanatha kuwauza zoona pomwepo. Koma amuna anga sasunga mawu. Nkhani ikalowa m'khutu mwawo usiku, m'mawa imafika sitolo iliyonse limodzi ndi buledi. Ndinakhala chete, iwo n'kutenga chete wangayo ngati kuvomera. Kuyambira tsiku limenelo anasamukira pa sofa. Kasitomala uja ananyamuka ndi theka la mutu losaluka poti nkhani inali itamuyabwa pakamwa, ndipo pofika Loweruka saluni inadzaza ndi azimayi obwera kudzaona nkhope ya mkazi wa chibwenzi cha kawiri pachaka. Ndinapanga ndalama zambiri sabata imeneyo.

Ndinabwereranso kwa a Inki, ulendo uno ndikuyang'ana kumbuyo ngati wakuba. Ndinawapeza akudula makhadi, kapu ya tiyi ili ndi zidindo za zala zakuda mbali zonse.

"Banja langa likutha, a Inki. Sindingapitirize."

"Ndinakuuzani chaka choyamba chomwe, mayi, kuti chinthu ichi chili ngati mwana. Chimakula, ndipo chimadya. Koma mukasiya lero mwadzidzidzi, maliro ake mudzawanyamula nokha."

Ndinatuluka ndikupukuta misozi. Wa matayala anandiyang'ana n'kuwerenga pa zala zake, kudabwa kuti chaka chino ndabwera katatu.

4

Nyuzipepala Bambo ankawerenga tsamba limodzi lokha, la mitengo ya masheya. Masamba enawo ankati ndi miseche ya atolankhani, ndipo ankandipatsa kuti ndizipukutira magalasi a ku saluni. Tsamba lawolo linkasonyeza kuti sheya ya maambulera ikugwa. Kuchoka pa zana inafika pa 60, kenako 30, kenako khumi. Munthu wina aliyense akanagwira mutu. Bambo ankavina ndi mwendo umodzi.

Lamlungu lina anatiitana patebulo, buku la MBIRI lili chitsegulire.

"Mkamwini, khalani apa. Ziro, zimitsa wailesiyo. Sheya lero ili pa khumi. Dividendi ya pachaka yafika khumi ndi ziwiri. Ndani angandiuze zokolola?"

Anadziyankha okha.

"120 peresenti! Uika khumi, chaka chisanathe ulandira khumi ndi ziwiri, sheya ikadali yako. Dziko lonse lagona, ndili maso ndine ndekha. Ndiye ndaganiza. Nyumba ino zokolola zake n'chiyani? Imangodontha. Ndapeza wogula. Tisainirana Lachisanu, ndipo ndalama zonse ndikagulira maambulera."

"Bambo! Nanga tikakhala kuti? Ana awa akagona kuti?"

"Tichita lendi chaka chimodzi chokha. Maenvelopu awiri akabwera tigula nyumba ina yosadontha, masheya akadali athu."

Ndinawerengera mumtima kuti ndalama za nyumba zigula masheya angati, ndi kuti envelopu ya masheya ochuluka chomwecho iyenera kutchula ndalama zingati. 

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, Bambo. Nyumba ino anaisesa Mayi zaka zonse zija. Musagulitse, ndagwira mwendo wanu."

"Gwira wakumanja, wakumanzerewu ukupweteka. Munthu wa ziro sangalangize munthu wa 120."

Ndinayang'ana amuna anga kuti andithandize. Anakanda m'mutu n'kuyang'ana pansi.

"Apongozi, ine ndili ndi kadandaulo," anatero. "Chaka chatha, nditamva mbiri ya m'buku lanuli, ndinatenga ndalama zimene tinkasungira fizi ya mapasa n'kugula masheya mazana asanu. Koma envelopu yanga sinabwere. Juni anadutsa, Disembala wadutsa, zii."

Ndinafuna kuwagenda ndi ketulo. Koma ndinali ndani ine woti ndifunse munthu za ndalama zobisa?

"Alakwitsa adiresi basi," anatero Bambo. "Lachinayi kuli msonkhano wapachaka wa eni masheya. Zaka zonsezi Ziro amandipititsa kuchipatala tsiku lenileni la msonkhano, sindidziwa zimangochitika bwanji. Ulendo uno ndipita. Ndikamugwira chanza tcheyamani, ndimuthokoze za bondo, ndipo nkhani ya envelopu yanuyo tikaithetsa pomwepo."

Lachitatu ndinatenga nsapato zawo zonse n'kukazibisa ku saluni. Lachinayi m'mawa anatuluka m'chipinda atavala suti, tayi ndi majombo amvula, buku lili kukhwapa.

"Zachita bwino," anatero. "Ndi msonkhano wa maambulera."

5

Msonkhano unali mu holo ya hotela ina. Pakhomo aliyense ankapatsidwa ambulera yaulere, koma palibe amene ankathokoza kupatula Bambo, omwe anapempha yachiwiri. M'katimo munali anthu ngati mazana atatu, nkhope zili ndwii. Kutsogolo kunali tebulo lalitali, akuluakulu asanu ndi mabotolo a madzi. Tcheyamani anali kamunthu kochepa thupi, kadazi, kooneka kuti sikanagone bwino kwa nthawi yaitali. Tinakhala mzere wachitatu, ine pakati, amuna anga akuyang'ana kumbali.

Tcheyamani analankhula motsitsa. Anati maambulera otchipa ochokera kunja adzaza msika, fakitale imodzi yatsekedwa, choncho ndi chisoni chachikulu chaka chinonso sipakhala dividendi. Anthu anang'ung'udza. Bambo sanamve kanthu, anali kalikiliki kunyowetsa chala kufufuza tsamba loyambira. Itakwana nthawi ya mafunso, majombo analira pa simenti, n'kupezeka afika kale pa maikolofoni.

"Bwana tcheyamani, choyamba, bondo lija lili bwino tsopano. Madzi ofunda anathandiza."

Tcheyamani anayang'ana mnzake wakumanja. Mnzakeyo anayang'ana botolo la madzi.

"Chachiwiri, ndabwera kudzathokoza. Zaka khumi ndi zinayi, maenvelopu 28, simunaphonyepo ngakhale kamodzi. Ndiloleni ndiwerenge mbiri yanu, poti anthu amaiwala msanga zabwino."

Anayamba mzere ndi mzere. Zaka zisanu zoyamba anthu ankangogwedeza mitu mwachisoni, ngati akumva mayina a abale omwe anamwalira. Atalowa chaka chachisanu ndi chimodzi, holo yonse inati zii.

"Juni, yalowa. Disembala, yalowa. Juni, yalowa. Disembala, yalowa ndipo yakwera."

Mayi wina wachipewa chofiira anaimirira.

"Tadikirani kaye, agogo. Mukuti inu mwakhala mukulandira?"

"Kawiri pachaka, mayi, ngati wotchi."

"Ife zaka zisanu ndi zinayi sitinaoneko ngakhale kobiri!"

"Ndiye kuti simulemba bwino adiresi, ngati mkamwini wangayu."

Pamenepo moto unabuka.

"Ndi m'bale wake wa tcheyamani!"

"Akugawana okhaokha!"

"Mpaka kufunsana mabondo!"

Maambulera mazana atatu ananyamuka m'mwamba osatsegula, atagwiridwa ngati zibonga. Tcheyamani anakuwa kuti mdalayu sakumudziwa, sanamuonepo chibadwire. Bambo, pofuna kumukumbutsa, anatulutsa kalata ya bondo ija n'kuiwerenga yonse pa maikolofoni. Pofika pa "Ine wanu," mayi wachipewa anali atakwera kale pansanja, tayi ya tcheyamani ili m'manja mwake.

Ndinayang'ana Bambo. Anali ataima pakati pa chiphokosocho, majombo kumapazi, akumwetulirabe, dzanja atalitambasula kudikira chanza. Mawa lake anali oti asainire nyumba. Madzi anali atafika m'khosi. Ndinadzuka n'kuwalanda maikolofoni.

"Musiyeni munthuyo, sanalakwe! Kampani ya bambo angawa ndine!"

6

Ndinazinena zonse pomwepo, pamaso pa anthu osawadziwa, ndipo ndikuuzani inunso monga ndinanenera.

Mwezi umene Mayi anamwalira, Bambo anagonekedwa m'chipatala ndi mtima. Dokotala anandikokera pambali n'kundiuza kuti asamve nkhani iliyonse yodzidzimutsa. Sabata yomweyo m'bokosi la ku positi ndinapezamo envelopu yabuluu yeniyeni, yonena kuti kampani yasiya kugawa dividendi mpaka zinthu zidzasinthe. Bambo ali pabedi, mapaipi m'mphuno, mkazi wawo atangoikidwa kumene, funso lawo linali limodzi: "Envelopu yafika?"

Ndinatenga envelopu yakale n'kupita nayo kwa a Inki kuti andisindikizire yofanana. Ndinatenga ndalama za saluni n'kukaika ku akaunti ya Bambo, ndipo pa dzina la woika ndinalemba kuti Maambulera. Ndinati kamodzi kokha, akachira ndiwauza. Tsiku lomwelo anadzuka, kukhala tsonga n'kupempha chakudya. Disembala atafika ndinaopa kuti ndikasiya ndiwapha. Chaka chachiwiri ndinaika ndalama zofanana, iwo n'kuyamba kudandaula kuti kampani yabwino imakweza, mtima n'kuyambanso kuthamanga, ndiye ndinakweza. Iwo n'kumatenga ndalama zanga zomwezo kukagula masheya ena, kuti ulendo wotsatira ndilipire zochuluka. Walira mvula walira matope. Makalata enieni a kampani ndinkawawotcha. Za bondo analemba okha a Inki, poti ndi munthu wachifundo amene sadziwa polekezera.

"Maenvelopu 18," ndinamaliza motero. "Mitu imene ndaluka kuti ndiwakwanitse sindingaiwerenge."

Mayi wachipewa anasiya tayi. Bambo wina kumbuyo anafunsa ngati masheya a saluni yanga akugulitsidwa, ndipo sankaseka. Tcheyamani atapezanso mpweya anandifunsa monong'ona kuti ndinkakwanitsa bwanji, poti iwo ndi mafakitale awo zinawakanika.

Amuna anga anali kukamwa yasa.

"Ndiye a Inki aja..."

"Ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri, bambo a mapasa, ndipo amandilipiritsa."

Anakanda m'mutu, kenako n'kufunsa:

"Nanga envelopu yanga bwanji simunandipangireko?"

Ndinawayang'ana mpaka anakhala pansi.

Bambo anatseka buku pang'onopang'ono, n'kuyamba kutuluka, anthu akuwapatukira. Kumwetulira kuja kunali kutachoka, ndipo nkhope imene inatsala ndinali ndisanaionepo ngakhale pa maliro a Mayi. Ndinawatsatira pambuyo, ndikudikira kuti agwa pa sitepe iti. Sanagwe. Anakwera basi, maambulera awo awiri aulere atawaiwala pampando.

7

Lachisanu m'mawa wogula nyumba anabwera ndi mapepala ake. Bambo anamubweza pakhonde pomwepo ndi mawu awiri okha: "Sikelo inanama." Kenako anadzitsekera m'chipinda masiku atatu. Chakudya tinkasiya pakhomo. Ndikaika khutu pachitseko ndinkangomva masamba akutembenuzidwa. Tsiku lachinayi anandiitana.

Ndinawapeza atakhala pabedi, pansi pa malo odontha paja, buku lili pamiyendo, pambali pawo pali kachitini kakale ka mabisiketi.

"Khala pansi, mayi."

Sanati Ziro. Ndinagwada.

"Bambo, ndikhululukireni."

"Zaka makumi atatu ndinkagwira anthu oika chala pa sikelo kuti abe. Woika chala kuti apereke zochuluka sindinakumanepo naye. Chilango chake sindikuchidziwa."

Anatsegula kachitini kaja n'kundipatsa pepala la loya, lopindapinda, losainidwa zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Linkanena kuti masheya onse a maambulera, akale ndi amene adzagulidwe m'tsogolo, iwo akadzamwalira ndi a mwana wawo wamkazi. Dzina langa lenileni linali pomwepo, lonse lathunthu.

"Ndinkakuona," anatero. "Kubwera kutada, miyendo yotupa, diresi lomwelomwelo. Ndinati mwanayu saluni yake sikubala, ndipo manyazi akumuletsa kunena. Mchimwene wako adzadzionera yekha. Ndiye kobiri lililonse la envelopu ndinkagulira iwe, kuti ndikadzapita uzidzangokhala pakhonde kudikira Juni ndi Disembala. Nyumbanso ndimagulitsira zomwezo. Ndimafuna ukhale pansi, mwana wanga."

"Nanga ziro uja?"

"Ndimati ukapsa mtima ukweza mitengo ku saluni."

Ndinaseka, kenako ndinangopezeka ndikulira, mutu uli pabondo lawo lopweteka lomwelo, iwo osadandaula. Zaka zisanu ndi zinayi ndinasauka kuti iwo asadwale, iwo n'kumadzimana nsapato ndi denga chifukwa ine ndasauka. Ndalama zomwezo zinkatuluka pakhomo lakumbuyo n'kulowera lakutsogolo. Amene anadyapo ndi a Inki ndi mkulu wogulitsa masheya basi.

Anatembenuza buku n'kundionetsa masamba akumbuyo. Maziro onse ofiira anali atawakhwatcha limodzilimodzi. Pansi pake analemba nambala imene sindiitchula pano kuopa kuti achimwene angawerenge nkhaniyi.

"Ndawerengera katatu, kuphatikiza dzino lija," anatero. "Palibe kampani imene inabalapo chonchi. Koma mwini masheya walamula kuti dividendi iyime. Kampaniyi ikagule diresi."

Owerenga anzanga, sindine katswiri wa za masheya, ndine woluka mitu. Koma ndinalipira sukulu yodula, ndiye ndimvereni. Mukaona zokolola zakwera kufika kumwamba pamene mtengo wa sheya ukugwa pansi, musathamangire kugulitsa nyumba. Funsani kaye kuti ndalamazo zikutuluka m'thumba la ndani. Mbiri yabwino ya m'buku siuza munthu za envelopu ya mawa. Ndipo kunyumba kwanuko, ngati pali chinthu chimene chimangofika nthawi yake osaphonya, inu n'kumatamanda anthu akutali, tayang'anani kaye pansi pa tebulo muone amene miyendo yake yatupa. Inunso amene mumanama chifukwa cha chikondi, dziwani kuti bodza lotere limabala, ndipo limakweza chaka ndi chaka. Ndikanawauza Bambo zoona atangotuluka m'chipatala, akanadwala sabata imodzi, n'kukonzetsa denga.

Nyumba ikadali yathu, ndipo ikudonthabe. Amuna anga anabwerako ku sofa, ndipo akuperekera buledi ngakhale Lamlungu kuti abweze fizi ya mapasa. Sheya ya maambulera ili pa zisanu ndi ziwiri.

Disembala wapitayu, ndili pakati poluka, wa positi anabweretsa ku saluni envelopu yabuluu. Ndinadabwa, poti ndinadziwa kuti sindinapite kwa a Inki. Kaambulera ka pakona kanali kojambula pamanja, kopindika. M'katimo munali ndalama zokwana diresi limodzi. Ndinamva pambuyo pake kuti Bambo anagulitsa mashati onse a achimwene n'kutsala ndi imodzi. Kalata yake inali ya zilembo zonjenjemera, za cholembera chofiira:

"Okondedwa kampani yathu yokhulupirika, tikukhulupirira kuti miyendo yanu ikupezako bwino. Muziithira madzi ofunda. Ine wanu, Mwini masheya."

Kasitomala anandifunsa chimene ndikulirira. Ndinamuuza kuti dividendi yanga yoyamba yafika.